Tsiku limene amayi anakazinga Apwitikizi

Fungo la kachewere wokazinga pamsika wa Tsangano limandiseketsa ndekha. Tili ana, apulofesolo, aphunzitsi athu akusukulu, atatiphunzitsa za nkhondo ya Angoni ndi Apwitikizi, ine ndi achimwene tinatapa kachewere m'thumba la amayi n'kufoletsa asilikali pakhonde. Angoni tinawapaka katondo n'kuwazika nthenga za nkhuku kumutu. Apwitikizi tinangowasenda, poti ndi azungu. Nkhondo isanayambe, amayi anatituma kudimba. Pobwera tinapeza Angoni okhaokha, mafuta akulira kuseri kwa nyumba.

"Amayi, mwakazinga Apwitikizi!" ndinakuwa.

"Nanga mumati awole? Mwasenda wambewu inu, mukamba ndi atate anu. Sambani m'manja."

Tinadya adaniwo ndi mchere, misozi ili chuchuchu. Mpaka lero sindinamve za kazembe wankhondo wina amene anaithetsa ndi chiwaya chimodzi.