Chidulo cha a Ignatius mu Thanki ya Injini

A Ignatius Sakala a ku Katete anafika ku Ndola chaka chimene mbendera yatsopano inakwera, mkuwa ukuyenda malonda, mafakitale akuphuka ngati bowa. Analembedwa pa fakitale ina yoyenga mafuta ophikira, napatsidwa kanyumba ka kampani. Ntchito yawo inali kupala mapaipi a madzi oziziritsa injini. M'kati mwake munkamera chinthu choyera, cholimba ngati mwala, chimene antchito ankachitcha nkhoko. Nkhoko ikakula, madzi ankasowa njira, injini n'kutentha.

Anzawo ankangopala n'kuweruka. A Ignatius ankaitembenuza nkhokoyo m'manja, kuinunkhiza, mwina n'kuilawa. Madzi oyera mbee angabale bwanji mwala?

Tsiku lina anaona akazi awo, a Philomena, akuthira chidulo m'ndiwo, masamba okhwima n'kufeweratu.

"Amake Betty, kodi chidulo chingafewetse mwala?"

"Mwayamba kudya miyala, atate ake Betty?"

A Ignatius anatentha zitsononkho, nacheza chidulo chodzaza chigubu, m'mawa n'kukachikhuthulira mu thanki ya injini yaing'ono. Madzi anasanduka ngati mkaka. Pofika masana sefa inali itatsekeka, injini ili zii. A Ignatius anaona kuti zavuta: ntchito ikatha, nyumba nayo yapita, mwana ali wakhanda.

Kapitawo, a Reuben Mwansa, anali Mbemba, ndipo Abemba ndi anthu a Kum'mawa, kwawo kwa a Ignatius, ndi asuweni achipongwe kuyambira makedzana. Anasuzumira m'thankimo, naona chigubu.

"Ba Sakala, mbewa zatha kwanu, mwayamba kuphika injini?"

"Ndimati ifewe, akapitawo. Inu odya anyani mukanandiuza kumene mwalawu umachokera, sindikanavutika."

A Reuben anaseka mpaka kutsamira khoma. Kenaka anawalongosolera kuti madzi a Ndola amadutsa m'miyala ya laimu pansi pa nthaka, n'kuisenza yosungunuka ngati mchere. Akatentha, nthunzi imathawa, laimu n'kutsala. Chidulo chimangomufulumizitsa kukhazikika. Chimene chimadya nkhoko ndi mankhwala owawasa, komanso kumataya madzi akale asanakhathamire.

"Ndiye mwalawo umakhala uli m'madzi kale?" anafunsa a Ignatius, mantha ataiwalika.

"Funsani mukupala. Mapaipi onsewa ndi anu, nokhanokha."

"Nanga kwa bwana?"

"Ndikanena kuti sefa inatsekeka. Msuweni sitimupitikitsa, ayi. Tingamaseke ndani?"

Anapala mpaka zikhatho kuchita matuza, koma m'kanyumba kaja sanasamuke. Pambuyo pake anawaika woyang'anira mpopi wotayira madzi akale, ntchito imene anakalamba nayo. Fakitale yonse inkawatcha Ba Chidulo, ndipo iwo ankavomera mosanyinyirika.