Mbuzi Ija

Amayi anga anaweta gwape, ndipo mudzi wathu wonse ku Chiosya, kuphatikizapo akulu ampingo, unagwirizana kunama kuti inali mbuzi.

Anamutola ali kakhanda. Chaka chimenecho anthu osaka mbewa anatentha tchire la kuseri kwa madimba, moto n'kuwapulumuka monga umachitira chaka ndi chaka. Amayi popita kukaona ngati mpanda wa dimba lawo watsala, anapeza kanthu katadzipinda m'mbali mwa chulu, ubweya wa kumsana utawauka. Make sanaoneke. Mwina anathawa, mwina anali kale mumphika wa munthu. Wina aliyense akanaona ndiwo, koma amayi anakakulunga m'chitenje n'kukabereka kumbuyo.

Nthawi imeneyo bambo anali atamwalira kale, ine nditakwatiwa ku Kamwendo komwe ndimagulitsa tomato, ndipo alongo anga anali atamwazikana m'maesiteti a fodya. Pakhomo panali zii. Kagwapeko kanakula ndi mkaka wa mbuzi, kakugona kukhitchini pafupi ndi phulusa. Atakula ankatsatira amayi kudimba, kumjigo, mpaka kutchalitchi, komwe ankadikira panja ngati mkhristu wodulidwa. Ndisabise, ndinkachita nsanje. Ine ndikatsika pa kabaza nditatopa, amayi ankangofunsa ngati ndabwera ndi mchere, pomwe mango okoma a pamtengo wathu ankasungira mnzawoyo.

Vuto linachokera kwa amalume, mchimwene wawo wa amayi, mwini mbumba, amene nyumba yawo inayang'anana ndi yathu. Amalume ankaopa boma kuposa njoka. Akaona galimoto yoyera ikukhotera m'mudzi, ankalowa m'nyumba kukavala jekete. Tsiku lina anamva pa wailesi kuti anthu ena amangidwa cha kumalire atapezeka ndi ngaka m'thumba, ndiye anawoloka bwalo wailesiyo ili kukhutu. Anati lamulo silisankha: kaya ngaka, kaya pusi, kaya kamba, kaya gwape, nyama yakutchire saisunga pakhomo popanda chilolezo. Amayi anafunsa komwe chilolezocho chimapezeka. Amalume anati ku Lilongwe. Amayi anati gwape wawo sanachokere ku Lilongwe, komanso tsiku la moto lija sanaone munthu wa boma akubwera ndi ndowa ya madzi. Amalume anati a boma akadzabwera adzatenga gwapeyo, amayi n'kukagona kundende, dzina la banja n'kutchulidwa pa wailesi yomweyi.

Anakangana mpaka dzuwa linafika pamutu. Awiriwa ankakangana tsiku lililonse, za malire a munda, za nkhuku, za amene anabadwa ndi nzeru, ndipo amalume sanapambanepo. Ataona kuti zakanika anaimirira n'kukonza kolala.

"Chabwino, achemwali. Koma kuyambira lero m'mudzi muno mulibe gwape. Iyo ndi mbuzi. Amene ndimumve akutchula liwu linalo aona polekera."

Ndipo zinaterodi. Mwana akanena kuti gwape ankalandira khofi, mpaka ana ena anakula osalidziwa liwulo. Koma poti amayi anali ndi mbuzi zenizeni m'khola, panafunika kusiyanitsa. Za m'kholazo zinali mbuzi basi. Wa kukhitchiniyu anali mbuzi ija. Munthu akati mbuzi ija yadya mawere anga, aliyense ankadziwa yomwe ikunenedwa, ndipo wodandaulayo ankadziwanso kuti palibe kokasuma.

Mayeso aakulu anabwera ndi mlangizi wa ziweto, bambo wina wofatsa woyenda pa njinga yamoto, amene anabwera kudzabaya mbuzi katemera. Ine ndinalipo tsikulo. Mlangiziyo atatha za m'khola, gwape anatulukira yekha kukhitchini, miyendo yake yowonda ngati bango, mzere wakuda pamphuno, n'kuima pakati pa bwalo. Mlangiziyo anamuyang'ana nthawi yaitali, jakisoni ali m'manja. Amalume thukuta linali kamukamu. Anatsokomola n'kunena kuti imeneyo ndi mbuzi ya mtundu wamakono, yochokera ku Zambia. Kwathu kuno chilichonse chosadziwika bwino timati chachokera ku Zambia, kaya ndi nyemba, kaya ndi nsapato, kaya ndi mimba. Mlangiziyo anafunsa ngati imalira. Amalume anati ndi yaulemu. Bamboyo anagwedeza mutu, anati ku Zambia kuli zinthu, n'kuliza njinga yake. Kuyambira tsiku limenelo amalume ankayenda ngati loya, ndipo nkhaniyo ankaifotokoza pa mowa uliwonse, akuionjezera mchere.

Zaka zinapita choncho. Kenaka amalume anadwala pang'ono chabe, n'kutisiya nyengo yokolola mtedza.

Pa maliro kwathu, mphamvu zonse zimakhala m'manja mwa adzukulu, amuna okumba manda aja. Iwo salira. Amaseka, amatukwana, amagwira nkhuku iliyonse yodutsa, ndipo palibe amawaletsa, chifukwa ukayambana nawo udzadzikumbira wekha. M'mawa wa tsiku loika, mkulu wawo anatumiza mawu kusiwa, m'nyumba momwe tinakhala azimayi mozungulira bokosi, kuti anthu ake sakumba ndi masamba a nyemba m'mimba. Amayi, mawu atasasa ndi kulira, anauza mlamu wanga, mkazi wa mlongo wanga, kuti akawauze agwire mbuzi yawo. Ndinamva ndi makutu angawa. Anati mbuzi yanga. Ankanena thadzi lofiira la m'khola lomwe linasiya kubereka.

Mlamu wanga ndi munthu wabwino, koma pakamwa pake mawu sadutsa osanenepa. Atafika kwa adzukulu anati, "Akuti mugwire mbuzi yawo ija."

Kaliwu kamodzi ako. Mpaka lero mlamu wanga amalumbira kuti kanangotuluka kokha, monga timanenera kuti mpeni uja, dengu lija. Adzukulunso amalumbira kuti anangomvera. Ine sindiwakhulupirira. Amuna amenewo anakhala zaka zonsezo akumeza malovu gwape akamadutsa, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza zobwerera kusiwa kukafunsanso. Kumugwira sikunavute n'komwe, poti anazolowera kudya m'manja mwa anthu.

Ndinazidziwa nditapita kuseri kwa nkhokwe kukatenga nkhuni. Ndinapeza akugawa nyama pa masamba a nthochi, pambali pali timiyendo tinayi ndi kamutu kaja. Mkulu wa adzukulu, mpeni uli m'manja, anandiyang'ana ndi nkhope ya mngelo n'kunena kuti mayi anga ndi munthu wa mtima, si onse angapereke chiweto chokondedwa chotere pa maliro a mlongo wawo. Ndinafuna kumuponyera chikuni. Koma ndinakumbukira kuti dzenje linali lisanathe.

Nditabwerera kusiwa ndinakhala kutali ndi amayi, maso pansi. Anandikodola n'kundinong'oneza kuti ndikaone ngati mnzawo uja wapatsidwa chakudya, poti pa chipwirikiti chotere anthu amaiwala. Ndili chiganizire choyankha, thadzi lofiira lija linasuzumira pakhomo, lamoyo ndi lathanzi, likutafuna maluwa omwe linazula pa nkhata ya a kwaya. Amayi analiyang'ana. Anandiyang'ana ine.

Walira mvula walira matope. Bodza lomwe linamusunga gwape zaka zonsezo linawatseka amayi pakamwa tsiku limenelo. Akanadandaula kwa yani, ndipo akanati chaphedwa n'chiyani? Panja panali alendo ochokera kutali, ena ogwira ntchito m'boma, ndipo mlangizi wa ziweto uja anali pa benchi ya kutsogolo. Kunena kuti mumphikamo muli nyama yakutchire kukanamangitsa adzukulu, mwinanso iwo eni. Choncho wolengeza pa mwambo ataimirira n'kuthokoza mlongo wa malemu chifukwa chopereka mbuzi yonona, amayi anawomba m'manja mwaulemu ngati aliyense.

Kenaka analira. Ndawaonapo amayi akulira pa maliro ambiri, a bambo omwe, koma kulira kwa tsikulo kunali kwina. Kunkachokera pansi pa mimba. Azimayi a mpingo anagwedeza mitu, ena akuti taonani chikondi cha pachibale, anthu ankakangana tsiku ndi tsiku koma mumtima munali zina. Ine ndinkadziwa kuti theka la misoziyo si la amalume, ndipo ndinaluma chitenje kuti ndisaseke. Ndikuluma choncho ndinazindikira kuti azimayiwo sanalakwitse kwenikweni. Pakhomo paja amayi anali ndi awiri okha owadzutsa m'mawa, wina wofuna chakudya, wina wofuna mkangano, ndipo onse anapita m'sabata imodzi. Kuseka kuja kunasanduka kulira.

Itakwana nthawi yoona nkhope, tinawadzutsa amayi, ine mbali ino mlamu wanga mbali inayo. Amalume anagona m'bokosi atavala jekete yawo, nkhope ili phee, ngati munthu amene milandu yake yonse yatha bwino. Amayi anawerama mpaka milomo yawo inatsala pang'ono kukhudza khutu la mchimwene wawo. Anthu anakhala chete kuti mlongo atsanzike. Amene tinamva ndi ine ndi mlamu wanga basi.

"Achimwene, adya gwape wanga. Mwandimva? Ndati gwape. Dzukani mundiletse."

Anadikira pang'ono, monga ankadikirira yankho tsiku lililonse pabwalo paja. Kenaka anawakonza kolala, yomwe inali itapindika mbali imodzi, ndipo adzukulu analowa ndi misomali.