Anamunamizira Tsempho, Mwana Akutupa ndi Njala

Tsiku limene Eveles anathamangitsidwa kubanja ku Chipoka, mwana wake Tadala anali atatupa mapazi ndi masaya. Tsitsi linali litafiira, likuthothoka pomusambitsa. Chilonda cha pabondo sichinkapola. Mwana amene kale ankathamangitsa abakha pabwalo tsopano ankangokhala pamphasa, kulira komwe kukumukanika.

Apongozi ake aakazi sanafunse n'komwe zomwe mwanayo amadya. Anangomuyang'ana n'kugamula kuti ndi tsempho, ati mwana amatupa chotere mayi wake akayenda ndi mwamuna wina.

"Ululani, amake Tadala. Mwamunayo ndani?"

"Amayi, ine sindinayende ndi munthu."

"Nanga mwanayu watupa ndi mphepo?"

Mwamuna wa Eveles, Jailosi, msodzi wa usipa, anangozyolika n'kulola kuti mkazi wake athamangitsidwe.

Ine sindifulumira kuweruza munthu, koma apa pokha mtima umandiwawa. Pakhomo pamenepo thandala loyanikapo nsomba linkadzaza ndi usipa. Wambiri unkapita ndi ogula a ku Lilongwe, wotsalawo n'kukhala ndiwo ya abambo. Mwana ankamwa phala lamadzimadzi la ufa woyera, masana chinangwa. Dzira ankamuletsa, ati angadzakule wakuba. Kumumana mwana chakudya, kenako mlandu n'kuukankhira kwa mayi wake!

Eveles anabereka mwana n'kupita kwa mkulu wake ku Maganga. Kutacha anali kuchipatala. Namwino anadina phazi la Tadala ndi chala, ndipo podinapo panatsala polowa.

"Mayi, si tsempho ili. Mwanayu wasowa zakudya zomanga thupi: nsomba, nyemba, mtedza, mazira."

"Nsomba?" anatero Eveles mwaukali. "Zomwe ndimayanika ndi manja angawa?"

Tadala anagonekedwa. Anayamba ndi mkaka wa kuchipatala, kenako chiponde. Kutupa kunaphwa, chilonda chinauma, ndipo tsiku lina anakuwa yekha kuti akufuna chakudya.

Atatuluka, Eveles anayamba ganyu yoyanika usipa padoko, napempha kuti azimulipira usipa womwewo. Ankaukazinga, kuusinja, n'kuusakaniza ndi mgaiwa ndi nsinjiro. Poyamba unali wa Tadala yekha. Kenako anayamba kukaugulitsa kusikelo ya ana m'timapepala.

Amayi a kusikeloko anamuseka. "Phala lonunkha nsomba? Mwana wanga si mphaka!" Ena ankanong'onezana za mbiri yake ija. Masiku ambiri ankabwerera ndi ufa wake wonse, koma sabata yotsatira n'kupitanso. Tadala ankathamanga pakati pawo, tsitsi lili bii, ndipo amayi aja anayamba kugula mmodzimmodzi, ena mobisa.

Lero Eveles ali ndi thandala lakelake, ndipo ufa wake umafika mpaka ku Chitala.

Jailosi anabwera chaka chatha, chipewa chili m'manja.

"Amayi akuti zakale ziiwalike. Tiyeni kunyumba."

"Kukhululuka ndinakhululuka, bambo a Tadala, koma kubwerera ayi. Tengani ufa uwu mukapatse mlongo wanu. Ndamva kuti mwana wakenso wayamba kufiira tsitsi. Mufulumire, asanayambe kumufunsa dzina la mwamuna."

Inu amene mukuwerenga, mwana akayamba kutupa, kufooka kapena kuthothoka tsitsi, thamangirani kuchipatala, ndipo yang'anani m'mbale mwake musanaloze munthu chala. Ndipo inu amene mukunamiziridwa lero, pukutani misozi, dzukani. Musagonje, musataye mtima.