Msana wa Amayi Anga M'katoni ya ku Laibulale

Atate anga akubwerera kumudzi ku Katete mwezi wamawa. Maso afooka, ndipo ati fumbi la Lusaka lawakwana. Lachiwiri m'mawa anandiuza kuti asanapite akufuna kuonanso komboni ya Chawama.

"Si muno tikhala, atate?" ndinafunsa.

"Iyai. Nifuna Chawama wanga, uja ninapeza."

Tinakwera minibasi kupita ku laibulale ya m'tauni. Mayi wogwira ntchito kumeneko anatilowetsa m'chipinda chonunkha mapepala akale, natulutsa katoni ya zithunzi. "Va mu komboni ni ving'ono, ba tate," anatero, "koma yang'anani."

Sananame. Munadzaza misewu ya m'tauni, masitolo, akuluakulu a masuti akugwirana chanza. Pansi penipeni tinapeza chithunzi chimodzi chotuwa: nyumba zadothi, malata opsinja ndi miyala, udzu wautali, azimayi pamzere wa pampopi. Kuseri kwake analembako kuti "okhala ku Chawama", basi.

Atate anachiyandikitsa pamphuno. Chala chawo chinaima pa mkazi wina wofulatira, ndowa ili pamutu.

"Aba ni amai ako."

Nkhope siioneka. Amayi anamwalira ndili wamng'ono, ndipo chithunzi chawo chimene tinali nacho chinaonongeka chaka china madzi atalowa m'nyumba. Ndinafuna kutsutsa, koma atate anali atapita kale kutali m'maganizo. Ankanena za achule a m'dambo, za kamphepo ka m'mawa, za maluwa achikasu pa chitenje, chonsecho chithunzicho chilibe mtundu. Ati ndi mmene amayi ankayendera, madzi osatayika ngakhale dontho. Ndinauyang'ana msana uja mpaka unaoneka ngati ukusuntha.

Ndi iwodi? Sindikudziwa. Ndinachijambula pafoni, ndipo pobwerera atate anaigwira foniyo njira yonse, akumwetulira.

Anzanga, akuti madzi saiwala khwawa, koma anthufe timaiwala. Makolo athu a m'makomboni ndiwo anaumba njerwa za mzinda uno, koma m'makatoni muja alibe maina. Ifenso lero timajambula chilichonse, ukwati, maliro, mwana akuyamba kuyenda. Foni ikabedwa pasiteshoni, zonse zapita nayo.

Mayi wa ku laibulale uja anati amalandira zithunzi za anthu wamba, makamaka zolembedwa maina kuseri. Zanga ndayamba kale kulemba. Nanga inu, musutikesi ya pansi pa bedi muja muli yani amene mukumudziwa nokha?