Gemu Imene Amuna Anga Sanaimalize

M'bandakucha, malemu amuna anga ankapemphera, kenako n'kusewera gemu pafoni asanatsegule shopu yawo yosokeramo zovala. Abale awo ankati n'zachibwana. Zachibwana? M'gemumo munali msilikali wouma mtima amene ankalera mwana wa munthu yemwe anamupha, ndipo ankafewa pang'onopang'ono. Ndinaona ndi maso angawa: bambo amene sankadziwa kupepesa anapepesa kwa mwana wathu wamkazi.

Foniyo alamu anga anaigulitsa misozi isanaume. Mulungu andikhululukire, moni wawo sindiyankha. Ndinalipo m'chipatala pamene anailowetsa m'thumba, ati wodwala azipuma, mkulu wawo, amuna angawo, atawapempha kuti, "Mphwanga, undisewerere pomalizapo, ndione ngati mwanayo amukhululukire."