Ndinayamba sikelo ndilibe pakati

Chizindikiro choyamba chinali siketi ya yunifomu. Mu Febuluwale, ndili Fomu 2, inayamba kundithina m'chiuno pamene manja ndi miyendo zinali kuonda. Ndikadya pang'ono ndinkakhuta ngati ndamaliza mbale ziwiri. Kumanzere kwa chinena kunkapweteka pang'onopang'ono, makamaka ndikakhalitsa pa desiki. Sindinauze munthu. Ndine wamanyazi, ndipo zambiri zanga ndimazilemba m'kope ndikaweruka kusukulu. N'chifukwa chake miyezi ndikuikumbukira bwino.

Mayi ataona anaganiza kuti ndi likodzo, poti kwathu timachapa ndi kusamba kunyanja. Ndinamwa mankhwala ake koma mimba inapitiriza kukula. Msambo unayamba kusokonekera, kenako unasiya.

Mu Epulo aphunzitsi oyang'anira atsikana anandiitana, ndipo anandiperekeza kuchipatala chaching'ono cha kwathu kukayezetsa mkodzo. Choyezera chinaonetsa mizere iwiri. Ndinanena motsitsa mawu kuti sindinagonepo ndi mwamuna. Anamwino anaseka pang'ono akulemba.

"Nonse mumatero, mwana wanga. Ndiye yalowa ndi mphepo?"

Tsiku lomwelo kusukulu anandiuza kuti ndikakhale kunyumba mpaka nditachira.

Kwathu nkhani za ana a mayi amaweruza ndi amjomba, mlongo wawo wa mayi. Anandikhazika pamphasa, amayi aakulu ali mbali iyi, mayi anga mbali inayo, ndipo funso linali limodzi: mwini wake ndani? Ndinalibe dzina loti nditchule. Kukhala chete kwanga anakuwerenga ngati kubisa, ndiye dzina analipeza okha. Yusufu, mnyamata wa m'kalasi mwathu, ankandikweza pakaliyala ya njinga yake popita kusukulu chifukwa ndi kutali. Aliyense ankationa m'mawa uliwonse. Umboni unali womwewo.

Mwambo wake ndi woti mtsikana akatenga pakati asanakwatiwe, amakamutula kwa makolo a mnyamata kuti azimusamalira okha. Amayi aakulu ananditsogolera masana dzuwa lili pamutu, nditasenza kachikwama ka zovala. Tinadutsa pamathandala pamene amayi amayanika usipa, ndipo onse anasiya ntchito n'kumationerera. Anandisiya pakhonde la kwa a Yusufu, iwo n'kubwerera.

Yusufu analumbira pamaso pa bambo ake kuti sanandikhudzepo. Iyenso sanamukhulupirire. Kusukulu anamuimitsa ngati ine, ndipo anayamba kupita kunyanja ndi asodzi. M'nyumba imeneyo sitinalankhulane. Akandiona ankatembenuka, ndipo sindimuimba mlandu. Ndinkagona m'chipinda chosungira madengu a nsomba, fungo lake likundisanzitsa. Mayi anga ankabwera madzulo dzuwa lisanalowe ndi phala m'kapoto. Sanandikhulupirire, koma sanandisiye. Ankandipukuta thukuta ndi nsonga ya mpango wawo, akundinyengerera kuti ndingonena zoona mtima upepuke.

Mu Juni mayi ake a Yusufu anati ndiyambe sikelo monga amachitira amayi onse oyembekezera. Ndinakhala pabenchi pakati pa amayi aakuluakulu, tikuimba nyimbo za kadyedwe koyenera. Nditalowa, azamba anagwiragwira mimba, n'kuikapo chomvetsera. Anachisuntha kumanja, kumanzere, m'munsi. Nkhope yawo inasintha.

"Amagunda?" anandifunsa.

"Ayi."

"Chiyambire?"

"Chiyambire."

Anatitumiza kuchipatala cha boma kukajambulitsa. Mawa lake ndinapita ndi mayi anga. Wojambula anayendetsa kachipangizo pamimba nthawi yaitali, kenako anaitana mnzake. Atanong'onezana, anatembenukira kwa mayi.

"Mayi, muno mulibe mwana. Muli chotupa, ndipo ndi chachikulu."

Mayi anakhala pansi pasimenti. Ine, ndinene zoona, choyamba chimene ndinamva ndi mpumulo. Mantha anabwera pambuyo.

Anatitumiza kuchipatala chachikulu cha ku Blantyre. Kumeneko tsiku limayamba ndi anamwino oyeza kutentha kwa thupi, kenako madokotala amazungulira bedi ndi bedi, kenako kudikira. Kudikira magazi, kudikira kujambula, kudikira tsiku la opaleshoni. Mu Julayi anandichotsa chotupacho pamodzi ndi thumba la mazira lakumanzere. Kachidutswa kake anakatumiza kokayeza, ndipo tinadikiranso masabata angapo.

Zotsatira anatiuza adokotala aakazi, m'kachipinda kokhala ndi mipando iwiri yokha. Anati ndi khansa ya m'thumba la mazira, mtundu umene umagwira atsikana aang'ono. Anafotokoza kuti chotupa chotere nthawi zina chimatulutsa m'thupi zinthu zofanana ndi zimene zimatuluka munthu akakhala ndi pakati, ndiye choyezera mkodzo chimaonetsa mizere iwiri.

"Choyezera chinaona zimene chinaona," anatero akuyang'ana ine, "koma iwe sunaname."

Aka kanali koyamba munthu wamkulu kundiuza mawu amenewo. Anawonjezera kuti khansa imeneyi imachizika, koma poti inakhalitsa inali itayamba kufalikira m'mimba, choncho opaleshoni yokha sinali yokwanira. Miyezi imene ndinakhala m'chipinda cha madengu ija, chotupa chinali kukula.

Kemo ndinayamba mu Ogasiti. Ndi mankhwala a m'dilipi, amalowa pang'onopang'ono kwa masiku angapo, kenako umapuma, kenako umabwereranso. Ndinkasanza mpaka nthiti kupweteka. M'kamwa munatuluka zilonda, zikhadabo zinada, m'makutu munkalira. Tsitsi linathothoka lonse, koma poti ndimavala hijabu anadziwa ndi mayi okha. Ulendo wina magazi anachepa ndipo mankhwala anayamba aimitsidwa mpaka atandiwonjezera magazi. M'bedi loyandikana ndi langa munali mtsikana wa ku Namwera amene tinkagawana malalanje. Nditabwerera ulendo wachitatu ndinapeza muli munthu wina. Sindinafunse kumene mnzangayo anapita.

Mayi ankagona pansi, pambali pa bedi langa, pa chitenje chimodzi. Ankaphika kukhitchini ya osamalira odwala, utsi ukuwaliza maso, n'kubwera ndi phala loti mwina ndimeza masipuni awiri. Geni yawo ya mandasi inafera pomwepo. Amayi a kumzikiti kwathu anasonkha ufa ndi usipa wouma n'kutitumizira pa minibasi, ndipo ankandichitira duwa, kundipempherera kwa Mulungu, Lachisanu lililonse. Mnzanga Patuma ankajambula manotsi a m'kalasi pafoni ya mchimwene wake n'kumanditumizira, ngakhale masiku amene sindinkatha kuwerenga mzere umodzi. Pansi pake ankalemba nkhani za m'kalasi zoti ndiseke. Zimenezi sindidzaiwala.

Amjomba anabwera kamodzi ndi nthochi. Anakhala kumiyendo kwa bedi akuyang'ana dilipi, kenako anati, "Zinali zovuta kudziwa, mphwanga. Ngakhale achipatala anaona chimodzimodzi." Ndinadikira mawu ena koma sanabwere. Amayi aakulu anangotumiza moni. Munthu yekhayo amene anagwada pambali pa bedi langa n'kunena kuti pepa ndi mayi ake a Yusufu, amene anangolandira katundu wotulidwa pakhomo pawo ndipo ndi amene ananditengera kusikelo. Anandiuzanso kuti Yusufu anakana kubwerera kusukulu ngakhale anamuitana. Anakwera basi ya ku Joni. Masamu ankakhoza kuposa tonse m'kalasi.

Kemo ndinamaliza mu Novembala. Panopa ndimapita kukaonedwa pakapita miyezi ingapo, ndipo mpaka lero magazi akuonetsa kuti khansa sinabwerere. Tsitsi linamera, lofewa ngati la khanda. Khutu lakumanja silimva bwino, ndiye ndimakhala kutsogolo m'kalasi. Ndikubwereza Fomu 2. Adokotala anati thumba lotsalalo ndi lokwanira kuti ndidzabereke ndikadzakula. Kumudzi ena amanena kuti ndinakachotsa mimba ku Blantyre, ndipo pa mjigo mayi wina anandifunsa kuti mwana ndinamusiya ndi ndani. Ndinangosenza ndowa yanga. Chilonda cha opaleshoni chinapola msanga kuposa zimenezi.

Ndalemba izi chifukwa cha atsikana anzanga amanyazi ngati ine. Thupi likasintha m'njira imene simukuimvetsa, nenani msanga, ndipo akakusekani nenaninso. Pemphani kuti akujambuleni, musangokhutira ndi kuyeza kumodzi. Khansa si imfa nthawi zonse. Ine ndili moyo, ndipo ndikanapita msanga mwina sindikanavutika chonchi. Kwa makolo pempho langa ndi laling'ono. Mwana akakuuzani kuti sanachite, mwina simumukhulupirira, ndipo sindingakukakamizeni. Koma yambani mwamutengera kuchipatala kuti akamuone bwinobwino, musanamutengere pakhonde la eni.