Amayi ndi Njinga Yamoto ya Malemu

Galaja ya nyumba ija ya ku Jumeirah, mumzinda wa Dubai, inkanunkha oyilo, fumbi la mchenga ndi mchere wa kunyanja, zonse pamodzi. Ndinali ndi zaka khumi. Amayi anali atagwira ntchito ya m'nyumba kumeneko zaka zisanu, ine ndikukhala ndi azakhali ku Dedza, ndipo chaka chimenecho abwana awo analola kuti ndikakhale nawo patchuthi chachitali. Ndinafika kumapeto kwa Julaye, dzuwa lili pachimake. Ukatsegula chitseko, mpweya wotentha unkakumenya kumaso mpaka kubwerera m'mbuyo. Mpopi wa madzi ozizira unkatulutsa madzi ofunda, ndipo amphaka a m'misewu ankaswera pansi pa magalimoto, malilime ali panja.

Sabata yoyamba sindinasangalale. Kusukulu ndinkauza anzanga kuti amayi amagwira ntchito mu ofesi yagalasi yofika kumitambo. Koma ndinawapeza atavala yunifolomu yabuluu, akukolopa ndi kusita, adzukulu a abwana akuwaitana dzina lawo lenileni, Esinati, lomwe kwathu ngakhale azakhali sankalitchula. Ndinkangokhala m'kachipinda kathu kuseri kwa khitchini, kuyang'ana khoma.

Abwanawo anali mayi wachikulire, tinkangowatcha a Madamu. Amuna awo anali atamwalira miyezi ingapo m'mbuyomo, n'kusiya njinga yamoto yaikulu, yakuda. Ku Dubai njinga zotere amakwera nyengo yozizira, ndipo kukatentha amazikonza n'kuzisunga mpaka kutentha kutatha. Malemuwo ankachita zimenezi okha chaka ndi chaka. Tsopano a Madamu ankanyamuka Lachisanu kukakhala miyezi iwiri kwa mwana wawo kunja, pamene makaniko wa ku Al Quoz amene analonjeza kubwera anali atasintha tsiku katatu. Lachitatu m'mawa ndinawaona ataima m'galaja, dzanja lili pachishalo cha njingayo.

Amayi anaika ndowa pansi, n'kupukuta manja. "Madamu, mundilole ndiikonze ine."

A Saidi, dalaivala wa pakhomopo, bambo wa ku Mangochi wokonda nthabwala, anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Make Tadala, awa si makina ochapira zovala ayi. Ikafa imeneyi, tonse tikwera ndege ya kumudzi."

Amayi anafotokozera a Madamu modekha kuti ndisanabadwe, ndiponso ndili khanda, anali mlangizi wa zaulimi, ndipo ankayenda panjinga yamoto m'mapiri a ku Dedza, ikawonongeka n'kumaikonza okha m'mbali mwa msewu. Ine ndinali ndisanamvepo zimenezi. A Madamu anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anatulutsa makiyi m'thumba la diresi. "Khalas," anatero, kutanthauza kuti nkhani yatha. "Yalla, tiye, Esinati."

Oyilo wakale amatuluka bwino injini ikatentha, choncho njingayo inayenera kuyenda kaye. Amayi anavala thalauza mkati mwa yunifolomu, n'kuvala chisoti cha malemu. Injini inakhosomola kawiri, kachitatu n'kubangula mpaka chitseko cha galaja kunjenjemera. Anatuluka pageti pang'onopang'ono, msana uli chilili, n'kuwongoka ndi kamsewu kathu ka mipanda yoyera ndi migwalangwa. Bambo wothirira maluwa panyumba yoyandikana anaiwala paipi m'manja, madzi akumuthira kumapazi. Ine ndinathamangira pamsewu opanda nsapato. Phula linandiwotcha, koma ndinkangodumphadumpha ndikukuwa kuti, "Amayi anga! Amayi anga amenewo!" ngakhale panalibe womva Chichewa kupatula a Saidi, amene tsopano anali atagwira pakamwa.

Atazungulira kangapo anabwerera, ntchito n'kuyambika. Anagona chagada pakatoni, n'kumasula kabawuti pansi pa injini, oyilo wakuda bii n'kuchucha m'beseni. Ankanditchulira nambala ya sipanala, ine n'kumasaka m'bokosi la malemu, lomwe zitsulo zake zinali zondandalikidwa bwino ngati masipuni a alendo. Anathira oyilo watsopano, wooneka ngati uchi. Anatuma a Saidi kukagula petulo ndi mankhwala oteteza mafuta kuti asawonongeke, ndipo iwo anapita osanenanso nthabwala. Thanki anaidzaza mpaka pakamwa, ati ikakhala ndi mpata chinyezi chimalowa n'kuyambitsa dzimbiri.

Titatero tinaitsuka njinga yonse n'kuipukuta mpaka kuuma. Tcheni anandipatsa ine, ndi mswachi wakale, ndipo ndinachotsa mchenga mfundo ndi mfundo iwo asanapake girizi. Thukuta linkandilowa m'maso, malaya atamatirira kumsana, koma sindinafune kusiya. Batire anaichotsa n'kukaiika m'chipinda chathu chozizira, pansi pa bedi. Matayala anawapopa, njinga n'kuikweza pachoimikira kuti asaphwatalale. Kuekizozi anatsekako ndi nsanza kuopa fumbi ndi abuluzi. A Saidi atabweretsa pepala lapulasitiki loti afundire, amayi anakana. "Limenelo lichititsa thukuta, achimwene. Chitsulonso chimafuna kupuma." Anakatenga nsalu yakale yapabedi, yathonje, n'kuifunditsa bwinobwino. A Madamu, amene anakhala pampando pakhomo la galaja tsiku lonselo ngakhale kunkatentha, anangogwira dzanja la amayi lodzaza girizi, osalitaya msanga.

Nyumba inatsala zii. Loweruka lililonse m'mawa tinkalowa m'galaja, kuvundukula nsalu, kupukusa matayala pang'ono ndi kuyang'ana ngati pansi padontha kanthu. Batire ankaitchaja pa nthawi yake. Nthawi zina ankandikweza pachishalo n'kundiuza mayina a midzi yomwe ankafikako, ndi momwe anawolokera mtsinje wodzaza atanyamula mbewu kumbuyo.

Ndinabwerera ku Dedza sukulu itatsala pang'ono kutsegulidwa, njinga idakali yofundidwa. Tsiku lina mu Okotobala, nditangoweruka, azakhali anandipatsa foni. Amayi sanandipatse n'komwe moni. "Tadala, a Madamu abwera. Tamvera." Kunamveka kiyi, kenako injini inalira kamodzi n'kamodzi, mosalala, osakhosomola. Chapatali ndinamva a Saidi akuwomba m'manja.

Nthawi imeneyo ndinkanyadira chifukwa amayi anayendetsa chinjinga chachikulu anthu akuona, ndipo ndinkakhulupirira kuti saopa chilichonse. Ndili wamkulu anandiuza kuti tsiku lija anali ndi mantha aakulu mpaka pageti: anali atatha zaka zisanu ndi ziwiri osakwera njinga, sanakhudzepo yaikulu chonchija, ndipo ankadziwa kuti akaigwetsa ntchito yawathera pomwepo. Ndinawafunsa chimene anadziperekera. Anati anaona mayi mnzawo ataimirira yekha m'galaja, ndiponso anaona mwana wawo akuwayang'ana, ndiye manja anangoika ndowa pansi okha.